Kalata Imodzi Sitsegula Makomo Onse

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, m'misewu ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu mumaoneka anyamata ndi atsikana ovala mwaudongo atapanira envulopu ya khaki m'khwapa. M'envulopumo mumakhala makalata 10 kapena 20 ofunsira ntchito, ndipo onsewo ngofanana mawu ndi mawu. Chosiyana ndi dzina la ofesi lolembedwa pamwamba. Kalata imene yasiyidwa ku banki ndi yomweyo imene yasiyidwa ku chipatala, ku galaji ndi ku kampani ya zomangamanga. Miyezi imapita, nsapato zimatha zidendene, ndalama zimene mayi adapeza pogulitsa thumba la mtedza zimathera ku fotokope ndi pa minibasi, koma yankho silibwera.

Kumudzi anthu amayamba kunong'onezana. Ena amati mwanayo ali ndi tsoka, ena amati alibe wom'gwira dzanja. Nzoona kuti ntchito zolembedwa nzochepa poyerekeza ndi anthu ozifuna, ndiponso kuti kukondera kulipo. Koma pali chifukwa china chimene chili m'manja mwa mwini wake. Iye adayamba kulemba asanasankhe kumene akupita, ndipo wolemba anthu ntchito powerenga kalata yotere amazindikira msanga kuti siidalembedwere iye.

Kale zinthu sizidali choncho. Mwamuna wofuna ntchito ya ku migodi ya ku Joni sankalemba kalata. Ankapita ku ofesi ya Wenela, namuyeza m'thupi, nadinda chala, basi ulendo wapsa. Njira imeneyo idaimitsidwa m'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown, idatsegulidwanso mu 1977, ndipo idatsekeka mu 1988. Kenaka mu 1994 maphunziro a pulayimale adayamba kukhala aulere, ana nadzaza m'makalasi, kotero kuti achinyamata odziwa kulemba ndi kuwerenga adachuluka zedi. Tsono lero pepala ndilo limayamba kulowa mu ofesi, mwini wake akali panja, ndipo likalephera kum'yankhulira iye salowamo konse.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Kusankha ntchito kumayambira mu Fomu 3, pamene wophunzira amatenga maphunziro ena nasiya ena. Bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa mu 1987, limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9 pa mayeso a MSCE: 1 ndi 2 ndiko kupambana kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene munthu wakhoza bwino koposa. Komabe mapointi okha sakwanira. Mtsikana amene adathawa Bayoloje poopa mphunzitsi waukali angathe kupeza mapointi osiririka, koma khomo la unamwino adalitseka yekha zaka ziwiri asanaligogode.

Njira zimene womaliza sukulu angatsate nzingapo, ndipo iliyonse ili ndi zofuna zake. Sukulu za ukachenjede za boma zimafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kusankha ophunzira kumayendetsedwa ndi bungwe la NCHE. Kuyambira mu 2021 sukulu yakale ya University of Malawi idagawidwa patatu: UNIMA ku Zomba, MUBAS imene kale idali Polytechnic, ndi KUHeS yophunzitsa za umoyo. Palinso LUANAR ku Bunda, Mzuzu University ndi MUST ku Thyolo. Wofuna uphunzitsi wa ku pulayimale amaphunzira zaka ziwiri kudzera m'makoleji monga a ku Kasungu, Karonga ndi Machinga, ndipo gawo lina la nthawiyo amakhala akuphunzitsa ana m'kalasi. Wofuna unamwino ndi uzamba ali ndi makoleji a mipingo monga a ku Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje, ndipo akamaliza sagwira ntchito asanalembedwe m'kaundula wa bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba. Wofuna luso la manja ali ndi makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Livingstonia, kumene amaphunzira ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi, umakaniko ndi kuwotcherera zitsulo, motsogozedwa ndi bungwe la TEVETA limene lidayamba mu 1999.

Poona njira zonsezi munthu ayenera kudzifunsa moona mtima zinthu zitatu: chimene amachita bwino ngakhale popanda wom'kakamiza, chimene satifiketi yake ikum'loleza, ndi chimene thumba la kwawo lingapirire. Mapanga awiri avumbwitsa, koma kukhala ndi njira yachiwiri yoyandikana ndi yoyamba ndi nzeru. Amene walephera kulowa maphunziro a uinjiniya sataya kanthu poyamba ndi zamagetsi ku koleji ya luso. Chimene chimam'taya ndi kukhala pakhomo zaka zitatu akudikira dzina limene silidzatuluka.

Njira ikasankhidwa, ndiye nthawi yolemba chikalata cha mbiri ya munthu, chimene ambiri amachitcha CV. Kwa womaliza sukulu tsamba limodzi kapena awiri ngokwanira. Pamwamba pamakhala dzina lonse monga lilili pa satifiketi ndi pa chiphaso cha unzika, keyala, ndi nambala ya lamya imene imayankhidwa. Pamatsatira maphunziro, kuyambira omalizira kubwerera m'mbuyo, ndi zaka zake. Kenaka ntchito zimene adagwirapo, luso limene ali nalo, ndi mayina a anthu awiri kapena atatu om'chitira umboni.

Pa gawo la ntchito zimene adagwirapo mpamene ambiri amagwa mphwayi, poganiza kuti ntchito ndi yokhayo ya malipiro a pamwezi. Mwachitsanzo, pakhale mtsikana amene wakhala pamudzi chaka chimodzi chimalizireni sukulu. M'mawa amaphunzitsa ana pa sukulu ya mkombaphala mongodzipereka. Lachisanu lililonse amalemba kaundula wa banki m'khonde ya amayi 20. Nthawi zina amatsagana ndi malume ake kukaika magetsi oyendera dzuwa m'nyumba za anthu. Iye amaona ngati alibe cholemba, chonsecho ali ndi mbiri yokwanira makalata atatu osiyana.

Akamafunsira uphunzitsi, sukulu ya mkombaphala iyenera kukhala pamwamba: ana angati, a zaka zingati, kwa miyezi ingati, ndipo adawaphunzitsa chiyani. Magiredi a Chingerezi ndi masamu aoneke msanga, ndipo wom'chitira umboni akhale mphunzitsi wamkulu kapena wapampando wa komiti ya sukuluyo. Akamafunsira ukalaliki kapena ntchito yogulitsa m'sitolo, kaundula wa banki m'khonde ndiye atsogole, pakuti wolemba anthu ntchito yotere amafuna kudziwa ngati munthuyo adasungapo ndalama za ena osasowetsa ngakhale tambala. Alembe kuti gululo lidali la anthu angati, kuti ankawerengera masheya ndi ngongole, ndiponso ngati amadziwa kompyuta atchule chenicheni chimene amatha kuchita nayo. Akamafunsira zamagetsi, alembe nyumba zimene adagwirako, zipangizo zimene amadziwa kugwiritsa ntchito, ndi dzina la mmisiri amene adam'phunzitsa. Mmisiri wamkulu sakhulupirira mawu ambiri. Zithunzi za ntchito yomalizidwa zimam'khutiritsa kuposa ndime yonse ya Chingerezi chokometsera.

M'makalata atatuwa mulibe bodza ngakhale limodzi. Munthu ndi yemweyo, mbiri ndi yomweyo. Chasintha ndi chimene chaikidwa patsogolo, monga wamalonda amaika tomato pamwamba kwa wofuna tomato ndi anyezi kwa wofuna anyezi. Nayo kalata yoperekeza CV iyenera kutchula ntchito imene ikufunsiridwa, kumene wofunsirayo adaona chidziwitso chake, ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu zosonyeza kuti iye akuyenera. Makoleji ndi maofesi ena ali ndi mafomu awoawo, ndipo pamenepo lamulo ndilo kutsata malangizo onse ndi kusaphonya tsiku lotsekera.

Pali misampha imene yagwetsa ambiri. Woyamba ndi bodza. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: wolemba kuti amadziwa kompyuta pamene sadziwa amaululika pa mphindi zisanu akam'khazika pa makinawo, ndipo wosintha giredi pa satifiketi wapalamula mlandu, popeza olemba anthu ntchito angathe kufunsa ku MANEB. Wachiwiri ndi kukopera pa intaneti ziganizo zazikulu zimene mwini wake sangathe kuzimasulira akafunsidwa. Wachitatu ndi kulemba dzina la munthu wochitira umboni osam'pempha; lamya ikalira iye amadabwa, ndipo kudabwa kwakeko kumatha ntchito ya mwana. Wachinayi ndi kutumiza satifiketi yeniyeni m'malo mwa fotokope. Wachisanu, umene uli woopsa koposa, ndi anthu oimba lamya nkumati malo alipo koma patsogole kangachepe. Ntchito yoona siigulidwa, ndipo ndalama zotumizidwa kwa munthu wotere sizibweranso.

Aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi. Ana ambiri a m'sukulu za sekondale zoyendera sadaonepo CV ndi maso, ndipo ntchito zimene amazidziwa ndi zokhazo zimene amaziona pamudzi. Mphunzitsi amene angapatule masana amodzi pa teremu kuti awerenge ndi ana a Fomu 2 zidziwitso za ntchito za m'nyuzipepala, nawaonetsa maphunziro amene ntchito iliyonse ikufuna, wawapulumutsa ku kulira kwa m'tsogolo. Wa Chingerezi angathe kulembetsa wophunzira aliyense wa Fomu 4 CV ziwiri za ntchito ziwiri zosiyana, nazichonga ndi cholembera chofiira monga achitira ndi chimangirizo. Namwino wa pachipatala chapafupi, mlangizi wa zaulimi kapena mmisiri wa pamsika angaitanidwe kudzafotokoza m'mene adayendera. Ndipo polemba kalata ya umboni, mphunzitsi wamkulu atchule chinthu chenicheni chimene mwanayo adachita, chifukwa mawu akuti ndi wamakhalidwe abwino amalembedwa pa mwana aliyense.

Safunsa adadya phula. Womaliza sukulu amene wafunsa, wasankha njira, nalemba kalata yoloza khomo limodzi, sadalonjezedwe ntchito, pakuti opikisana naye ngambiri. Koma pa mulu wa maenvulopu umene uli pa tebulo la bwana, yake idzakhala m'gulu la ochepa amene akuyankha funso limene lidafunsidwa. Gawo lotsatira lidzafotokoza za tsiku limene mwini kalatayo waitanidwa kukaonekera pamaso pa ofunsa mafunso.