Nambala Imene Inatinyenga

Anzanga, pa kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'boma lathu la Mangochi munali anthu 1,148,611. Tsiku lina aphunzitsi athu a masamu analemba nambalayi pa bolodi, natifunsa kuti, "Kodi anthu onsewa tingawagawe m'magulu ofanana, osatsala ndi mmodzi yemwe?"

Funso lotere asodzi amalidziwa bwino. Akakocheza pa doko amaika chambo m'milu yofanana, ndipo ikatsala nsomba imodzi pamabuka mkangano. Tsono nambala zili mitundu iwiri. Zina zimalola kugawidwa, monga 12. Zina, monga 7 ndi 13, zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi. Zimenezi aphunzitsi amazitcha ma prime; ife tizitche zosagawika.

Tinayamba kuyesa. 2 ndi 5 zinakana msanga, pakuti nambala yathu ithera ndi 1. Pa 3 tinaphatikiza 1, 1, 4, 8, 6, 1 ndi 1, tinapeza 22, amene salola 3. Pa 7 anatsala anthu awiri, pa 11 awirinso, pa 31 anaperewera mmodzi. Titafika pa 97 ambiri tinatula mapensulo, tinati, "Imeneyi ndi yosagawika!"

Aphunzitsi anangomwetulira. Anatiuza kuti malire a ntchito ndi 1,071, pakuti 1,072 kuchulukitsa ndi 1,072 ndi 1,149,184, ndiye kuti tapitirira kale nambala yathu. Ngati pali nambala ziwiri zimene zimaibala, yaing'onoyo singapose malirewo.

Kotero tinagawana ntchito m'kalasi. Nambala zosagawika 129 zinakana motsatizana. Ya 130, ndiyo 733, inalola! Inde, 733 × 1,567 = 1,148,611. Anthu a m'boma lino akadaima m'magulu 733, gulu lililonse anthu 1,567, osatsala wina.

Taonani khalidwe lake. 733 ndi 1,567 zonse ndi zosagawika, chotero nambala yathu ili ndi zoigawa zinayi zokha: 1, 733, 1,567 ndi iyo yomwe. Zitatu zoyambazo zikaphatikizidwa zikwana 2,301, kutali ndi mwini wake. Nchifukwa chake ili m'gulu la nambala zoperewera. Kuchulukitsa ziwirizo ndi ntchito ya kamphindi, koma kuzifunafuna kunatitulutsa thukuta. Nzeru yomweyi, ndi nambala zazitali koposa, imathandiza kubisa chinsinsi cha ndalama zoyenda pa intaneti.

Chodabwitsa china ndi ichi: akadaonjezeka khanda limodzi lokha, nambala ikadakhala 1,148,612, ndiyo 2 × 2 × 31 × 59 × 157, yosavuta konse.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tsopano yesani ya Malawi yense pa kalembera yemweyo, 17,563,749. Yambani ndi 3, ndipo musatule pensulo msanga monga tinachitira ife.

Wophunzira wa Folomu 3