Kodi Mphamvu ya Katemera wa Covid-19 Imatha Liti?

Amayi anzanga, pali funso limene lakhala likumveka pa zitsime, pa zigayo ndi m'misonkhano yathu kuyambira chaka cha 2021. Funsolo ndi lakuti: ngati katemera wa Covid-19 ali ndi mphamvu, nanga bwanji ena amene adabayitsa adadwalabe? Nanga bwanji a chipatala adatiitananso kuti tikabayitse kachitatu? Limeneli si funso lopusa ayi, ndipo liyenera kuyankhidwa mosapsatira. Pakuti mayi akaganiza kuti adanamizidwa pa katemera mmodzi, mawa adzazengereza kupita ndi mwana wake ku sikelo, ndipo chikuku ndi kafumbata zidzapeza khomo lotsekula.

Yankho lake ndi lakuti katemera ameneyu amapereka chitetezo cha mitundu iwiri. Choyamba ndi chotchinga kuti kachirombo kasatidwalitse n'komwe. Chimenechi chimafooka pakapita miyezi yowerengeka, makamaka kukabuka mtundu watsopano wa kachiromboko. Chachiwiri ndi choteteza kuti matendawo asatigwetse mpaka kukagonekedwa m'chipatala kapena kutsikira kuli chete. Chimenechi ndicho chimakhalitsa. Mayi amene wasiyanitsa ziwirizi sangasokonezedwenso ndi mphekesera.

Tikumbutsane kumene tachokera

Matendawa adayamba kudziwika mu mzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019, ndipo kuno ku Malawi odwala oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo 2020. Ambirife sitidzaiwala mwezi wa Januwale 2021, pamene maliro adachuluka ndipo nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Nthawi imeneyo katemera adali asanafike. Adafika pa 5 Malichi 2021, wa mtundu wa AstraZeneca, wokwanira kubaya ka 360,000. Pambuyo pake padabwera wa Johnson & Johnson, wa Pfizer ndi ena.

Koma kachirombo nako sikadakhale chete. Kamene kadatisautsa mu Januwale 2021 kadali ka mtundu wotchedwa Beta, umene udayamba kudziwika ku South Africa. Pakati pa chaka chomwecho padadza Delta, amene adayamba kudziwika ku India. Ndipo pa 24 Novembala 2021, akatswiri a ku South Africa adadziwitsa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO za mtundu wina umene udatchedwa Omicron. Chotero katemera amene adapangidwa potengera kachirombo koyamba kaja adakumana ndi adani atatu osintha nkhope chaka chimodzi chisanathe.

Alonda a pakhomo ndi akuluakulu a m'mudzi

Kuti timvetse bwino, tiyerekeze thupi ngati mudzi. Kachirombo ka korona kali ndi timinga kunja kwake, ndipo ndi timinga timeneti kamatsekulira khomo la thupi. Katemera alibe mphamvu yopha kachirombo pa iye yekha. Ntchito yake ndi kuonetsa thupi maonekedwe a timingato, monga mmene mfumu ingafotokozere anthu ake nkhope ya mbala isanafike.

Pakapita masabata awiri chibayireni, thupi limakhala litapanga asilikali ambirimbiri oyenda m'magazi. Amenewa ali ngati alonda oima pakhomo usiku ndi usana. Mbala ikangofika amaigwira isanalowe. Koma palibe mudzi umene ungasunge alonda ochuluka chotere mpaka kalekale. Miyezi ikamapita mbala osaoneka, alonda aja amayamba kuchepa. Umu ndi mmene thupi lidalengedwera, ndipo sichizindikiro chakuti katemera adali wachabe.

Alonda akachepa, m'mudzi mumatsalabe akuluakulu okumbukira. M'thupi muli timaselo timene timasunga chikumbukiro cha mdani kwa nthawi yaitali. Kachirombo kakalowa, timaselo timeneti timaimba mfuu, thupi nkupanganso asilikali atsopano mofulumira, ndipo tina timasakasaka malo amene kachirombo kabisala nkuwaononga. Ntchito imeneyi imatenga masiku angapo. M'masiku amenewo munthu atha kumva chimfine, kutentha thupi, mutu ndi kukhosomola. Koma nthawi zambiri thandizo limafika kachirombo kasanaononge mapapo. Ndicho chifukwa chake munthu wobayitsa atha kudwala, koma nkudzuka pamphasa patapita masiku ochepa.

Mbala yosintha zovala

Tsono vuto lachiwiri ndi lakuti kachirombo aka kamasintha. Pamene kakuswana m'thupi la munthu, nthawi zina ana ake amabadwa osiyana pang'ono ndi kholo lawo. Ambiri mwa iwo sapita patali, koma wina akabadwa wodziwa kuzemba alonda, ndiye amafalikira msanga. Omicron adabwera ndi kusintha koposa 30 pa timinga take tokha. Alonda amene adaphunzitsidwa nkhope yakale adavutika kumuzindikira. Mwayi wake ndi wakuti timaselo tosakasaka tija sitiyang'ana chovala chokha. Timazindikira mbali zambiri za kachirombo, ndipo zochuluka mwa izo sizidasinthe.

Ziwerengero zikuchitira umboni. Ku England, akatswiri adatsatira anthu ochuluka zedi amene adabayitsa katemera wa Pfizer kawiri. Pa Delta, katemerayu ankachepetsa kudwala ndi magawo 90 pa 100 m'mwezi woyamba, ndipo patapita miyezi isanu ndi umodzi ankachepetsabe ndi magawo oposa 60. Koma pa Omicron adayambira pa magawo 65, ndipo pofika miyezi isanu ndi umodzi adatsika mpaka kuchepera magawo 10. Wa AstraZeneca wobaya kawiri, patapita miyezi isanu, sankaonetsanso mphamvu yoletsa kudwala Omicron. Amene adalandira katemera wachitatu chitetezo chawo chidakweranso kufika pafupifupi magawo 67, koma patatha masabata khumi chidatsikira cha m'ma 45.

Mwina wina anena kuti, nanga si ndi zomwezo timanena, kuti katemerayu ngwachabe? Dikirani, amayi, mumve mbali inayo. Ku South Africa, m'masabata oyamba a Omicron, katemera yemweyo wobaya kawiri ankachepetsa kugonekedwa m'chipatala ndi magawo 70 pa 100. Adatsika ndithu, pakuti pa nthawi ya Delta adali pa magawo 93, koma sadagwe ngati chitetezo choyamba chija. Tanthauzo lake ndi ili: pamene anthu khumi osabayitsa akadagonekedwa, mwa obayitsa ankagonekedwa atatu okha. Asanu ndi awiri otsalawo ankachirira kunyumba, pafupi ndi ana awo.

Nanga amene adadwalapo kale?

Kudwala nako kumaphunzitsa thupi, ndipo ambiri a ife tidakumana ndi kachiromboka osadziwa. Kafukufuku wa magazi a anthu opereka magazi kuno ku Malawi adaonetsa kuti pofika Meyi 2021, pafupifupi awiri mwa atatu alionse adali ndi zizindikiro zakuti kachirombo kadadutsamo m'thupi mwawo.

Mu 2023 akatswiri adasonkhanitsa zofufuza za m'maiko osiyanasiyana zokhudza Omicron. Adapeza kuti munthu amene adangodwala osabayitsa, patapita chaka chitetezo chake pa matenda aakulu chinkakhala cha magawo pafupifupi 75 pa 100. Koma amene adadwalapo ndiponso adabayitsa, chake chinkaposa magawo 95 ngakhale chaka chitatha. Pa kudwalanso pang'ono, magulu onse awiri chitetezo chawo chinkatsika kwambiri. Apanso tikuona chimodzimodzi: cha pakhomo chimatha msanga, cha m'kati chimakhalitsa.

Komabe wina asaganize zofuna matenda dala kuti thupi lake liphunzire. Sukulu imeneyo ndi ya mtengo wapatali. Ena salipira ndi ndalama koma ndi moyo, ndipo ena amatsala ndi kutopa, phuma ndi kuiwalaiwala kwa miyezi yambiri atachira.

Kubwereza katemera si chachilendo kwa ife

Ife amayi tikudziwa kale kuti akatemera sakhala ofanana. Wa chikuku mwana amalandira kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo kwa ambiri amakwanira moyo wonse, pakuti kachirombo ka chikuku sikasintha nkhope mozemba chitetezo. Wa kafumbata ndi wina. Mayi akabayitsa kawiri amatetezedwa zaka zitatu, kachitatu zaka zisanu, kachinayi zaka khumi, ndipo akakwanitsa kasanu amatetezedwa zaka zake zonse zobereka. Palibe amene adanenapo kuti katemera wa kafumbata ngwabodza chifukwa chakuti timabwereza. Tonse tikuona kuti makanda ofa ndi kafumbata adachepa m'midzi mwathu.

Katemera wa Covid-19 akufanana kwambiri ndi wa chimfine chachikulu chija cha fuluwenza, amene m'maiko ambiri amakonzedwanso chaka ndi chaka. Opanga mankhwala adamukonzanso mu 2022 kuti agwirizane ndi Omicron, mu 2023 potengera mdzukulu wake wotchedwa XBB.1.5, ndipo mu 2024 potengera wina wotchedwa JN.1. Wa AstraZeneca uja eni ake adaleka kumugulitsa mu 2024, atsopanowa atachuluka. Denga la udzu silifoleredwa kamodzi. Mwini nyumba wanzeru amaonjezera udzu dzinja lisanafike, ndipo satukwana amene adafolera poyamba.

Ndani ayenera kusamala koposa?

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti Covid-19 salinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Sadanene kuti kachirombo katha. Kadakalipo, ndipo kakusinthabe. Koma popeza anthu ochuluka adabayitsa kapena adadwalapo, ngozi yaikulu yatsalira pa magulu ena.

M'chaka chomwecho bungweli lidatchula magulu oyenera kuikidwa patsogolo. Oyamba ndi okalamba, pakuti thupi likakula chikumbukiro cha asilikali ake chimafooka msanga. Achiwiri ndi amene ali ndi matenda okhalitsa monga shuga ndi matenda a mtima. Achitatu ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chochepa, monga ena amene ali ndi kachirombo ka HIV kapena akulandira mankhwala a khansa. Achinayi ndi amayi oyembekezera, ndipo achisanu ndi ogwira ntchito m'zipatala. Malangizo ake adali akuti anthu otere aonjezere katemera pakapita miyezi 6 mpaka 12 chibayireni, malinga ndi msinkhu ndi thanzi la munthu. Kwa mayi woyembekezera, adalangiza kubayitsa kamodzi pa mimba iliyonse. Covid-19 akamugwira mwamphamvu mayi wapakati, mwana atha kubadwa masiku asanakwane. Ndipo mayi akabayitsa, asilikali ake ena amadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba, nkumuteteza m'miyezi yoyamba atabadwa. Ana ndi achinyamata athanzi adaikidwa kumapeto kwa mndandanda, ndipo bungweli lidatsindika kuti akatemera a masiku onse a ana asanyalanyazidwe.

Ntchito yatsalira ife

Pa khomo lililonse, amene amadziwa kuti agogo akukhosomola ndi mayi. Amene amasunga mabuku a kuchipatala ndi mayi. Amene amagona pansi m'chipatala kudikirira wodwala ndi mayinso. Chotero nkhani imeneyi ndi yathu.

Tulutsani makadi a katemera a m'banja mwanu muone tsiku limene aliyense adabayitsa komaliza. Ngati pakhomo pali wokalamba, wodwala shuga kapena mtima, womwa ma ARV kapena woyembekezera, mukapita ku chipatala kapena mukakumana ndi alangizi a zaumoyo, funsani ngati pali katemera woonjezera woyenera munthuyo. Safunsa adadya phula. Wina akadwala chimfine champhamvu, asagone chipinda chimodzi ndi agogo kapena khanda, mazenera atsekulidwe, ndipo m'manja musambidwe ndi sopo. Mukaona wodwala akupuma movutikira, akumva kupweteka pachifuwa, akusokonezeka mutu kapena akulephera kudzuka, thamangirani naye ku chipatala ngakhale adabayitsa katatu. Ndipo kutentha thupi kulikonse kuyezetsedwe, pakuti malungo nawo amayamba chimodzimodzi.

Mukamva mnzanu pa chitsime akunena kuti adabayitsa koma adadwalabe, musamutsutse, pakuti akunena zoona. Mungomufunsa mwaulemu kuti, "Nanga anzanga, mudagonekedwa?" Akati ayi, mufotokozereni za alonda a pakhomo ndi akuluakulu okumbukira aja. Kenaka mukumbutseni tsiku la sikelo, mutengane ndi ana anu pamsana.