Lumo Sanola Ngati Chikwanje

Eid ya Qurbani ikamayandikira, m'makomo a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi ku Limbe abambo amayamba kufunafuna mpeni wozingira mbuzi. Ukapezeka uli ndi dzimbiri, ambiri a ife timangoukwecha pa simenti ya pakhonde, n'kuuyesa ndi chala, basi kwatha. Chikhalirecho Mtumiki Muhammad (SAW) anatiphunzitsa kuti wozinga anole bwino mpeni wake kuti chiweto chisazunzike, ndipo masheikh athu amatikumbutsa kuti tisanolere pamaso pa chiwetocho.

Kunola kuli mitundumitundu. Nkhwangwa, khasu ndi chikwanje zimafuna tupa, ndipo kukamwa kwake kuzisiyidwa kochindikala ndithu chifukwa zimamenyana ndi mitengo ndi miyala. Mpeni umafuna mwala wosalala wothira madzi. Timaupendeketsa pang'ono, madigiri 15 mpaka 20 mbali iliyonse, ndi kunola mbali imodzi kufikira chala chitamva kachitsulo kopindikira kuseri, kenaka n'kutembenuza. Amene amapita nawo kwa amisiri owotcherera zitsulo kuti aupere pa makina a magetsi achenjere. Mpeni ukatentha n'kusanduka wobiriwira m'mphepete, chitsulo chafewa, ndipo udzabuntha mbuzi yoyamba isanasendedwe.

Lumo lija lopinda ngati mpeni, limene ometa akale ankagwiritsa ntchito, lili ndi malamulo akeake. Malumo otchuka ankasulidwa ku Sheffield ku England ndi ku Solingen ku Germany. M'mbali mwake ndi mokumbika, msana wake ndi wochindikala, ndipo izi anachita dala. Wonola salipendeketsa ngati mpeni ayi. Amaligoneka pamwala kuti msana ndi kukamwa zikhudze mwala nthawi imodzi, motero msanawo ndiwo umasunga kapendekedwe koyenera. Dzanja lisalemere. Akafika kumapeto kwa mwala amalitembenuza pamsana, chifukwa kutembenuzira kukamwa n'kuwononga ntchito yonse. Pomaliza amalipukuta pa lamba wachikopa, msana uli patsogolo. Chikopacho sichidya chitsulo kwenikweni, chimangowongola kukamwa kumene n'kopyapyala kuposa tsitsi. Tupa kapena simenti zikalikhudza kamodzi kokha, lumo lasanduka kampeni kosendera mbatata.

Luso limeneli linazilala chifukwa cha lezala yotaya. Kampani ya King Gillette ku America inagulitsa malezala 168 okha m'chaka cha 1903, koma lero palibe okala m'Blantyre muno yosowa lezala.

Ife sitikulirira lumo lakale, ngakhale linali lokongola. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika m'chaka cha 1985, ndipo kuyambira pamenepo tinaphunzira kuti chitsulo chimene chalawa magazi a munthu mmodzi chisapite pa khungu la wina. Kachilombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis B ndiye kouma mutu kwambiri, kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Kunola sikuyeretsa. Lamba wachikopa sangawiritsidwe, ndipo amasunga chilichonse chimene lumo lamusiyira.

Nkhaniyi ikutikhudza m'nyumba mwathu mwenimweni. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri timameta mwana wakhanda pochita aqiqah, ndipo khungu la paliwombo ndi lofewa zedi. Agogo angathe kubwera ndi lumo lawo lakale limene linameta ana onse a pamtundu, koma tiwapemphe mwaulemu kuti alisunge m'bokosi. Tigule lezala yatsopano, tinyowetse tsitsi ndi madzi ofunda ndi sopo, ndipo amete munthu wa dzanja losanjenjemera. N'chimodzimodzinso ku jando: mwana aliyense akhale ndi lezala yakeyake. Kometetsa nako, magetsi akazima ndipo wometa n'kutenga lezala ndi chipeso, aitsegule m'pepala lake inu mukuona. Yogwiritsa kale ntchito ikulungidwe ndi kuponyedwa m'chimbudzi chokumba, pakuti ana amatola malezala kudzala n'kumasongolera mapensulo.