Khala Limayaka Likakhudzana ndi Linzake

Aliyense wokhala ku Chimwemwe mu Kitwe kapena ku Chifubu mu Ndola amadziwa kukoleza mbaula. Mutha kuidzaza ndi makala abwino, koma popanda khala limodzi lamoto, madzi a tiyi sawira. N'chifukwa chake mumatuma mwana kukapala moto kwa aneba. Chikhulupiriro cha ana athu chimayambanso choncho, anzanga: khala lozizira limagwira moto likakhudzana ndi loyaka.

Mpingo wa kuno kumigodi unayamba motero. Amuna amene anabwera kudzafuna ntchito m'zaka za m'ma 1920, ambiri ochokera ku Nyasaland, sanapeze amishonale akuwadikirira. Aliyense anabwera ndi kamoto kake ka kumudzi, nayamba kusonkhana okha m'makomboni. Mu 1925 anakhazikitsa mpingo wawo wa Union Church ku Ndola, ndipo mishoni zogwirizana zinadzayamba ntchito kuno mu 1936, moto utayaka kale. Mpingo umenewu ndi umodzi mwa mizu ya United Church of Zambia, imene inabadwira ku Mindolo mu 1965.

Tsono ife lero timaganiza kuti tikamusambitsa mwana Lamlungu n'kumutumiza ku Sande sukulu, ntchito tamaliza. Aphunzitsi a kumeneko amagwira ntchito yotamandika, koma amakhala naye ola limodzi pamlungu. Ndiko kupala moto kuja. Khala lopalalo likafika pakhomo n'kupeza mbaula yonyowa, pofika Lolemba lazima. Ngakhale Pulezidenti Chiluba analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, chilengezo cha boma sichingapemphere ndi mwana wanu madzulo.

Ndikudziwa, nthawi njochepa. Bambo ali pashifiti ya usiku kumgodi wa Nkana, mayi amaweruka kumsika wa Chisokone dzuwa litalowa, miyendo ili yotupa. Koma kukhudzana sikulira maola. Bambo asananyamule chisoti chawo, aime pakhomo ndi ana mphindi ziwiri, apemphe Mulungu awatsitse pansi ndi kuwatulutsa amoyo. Mwana amene wamva bambo ake, munthu wamphamvu uja, akupempha chitetezo, waphunzira chinthu chimene sadzachiiwala.

Mbaula ili ndi mabowo kuti mphepo izilowa. Mukaunjika makala mothinana kwambiri, mumapeza utsi wokhawokha. Makolo ena timatero: mapemphero aatali mwana akusinza, mavesi oloweza ndi mkwapulo pambali. Mafunso a mwana ndiwo mabowo aja. Akafunsa chifukwa chake Mulungu analola kuti amalume amwalire, musamukalipire kuti watukwana. Muyankheni zimene mukudziwa, ndipo pamene simukudziwa nenani kuti nanunso mumafunsa. Akafunsa m'Chibemba, chimene ana a kuno amasewera nacho, musaumirire Chinyanja cha m'Buku Lopatulika la agogo, lomasuliridwa mu 1922. Werengani momwemo ngati mumalikonda, kenako fotokozani m'chinenero chimene iye akumva.

Pali phulusanso. Mbaula yosagwedezedwa imatsekeka pansi, moto n'kufooka. Phulusa la m'nyumba ndi mawu oipa a dzulo amene palibe anapepesa. Ana amaona mmene mumayankhulira ndi amayi awo malipiro akachedwa, ndi zimene mumanena za aneba mukangotuluka m'tchalitchi. Kholo likauza mwana kuti, "Ndinakulakwira, undikhululukire," ulemu wake suchepa, ndipo mwanayo amaona ndi maso chikhululukiro chimene amangochimva paguwa.

Ndipo moto wanu ukazilala, monga zimachitikira ntchito ikatha kapena maliro akagwa, musachite manyazi kukapala kwa anzanu. Akatolika ali ndi miphakati, ena ali ndi mapemphero a m'zigawo pakati pa mlungu, ndipo amayi a chigwirizano amayendera nyumba. Pitani nawo ana kumeneko, akhale pamphasa pafupi ndi akuluakulu, osati panja kulondera nsapato.