Nthenda ya Cisoni ya Mai Wocira Kumene Ipewedwe Akali ndi Pakati

Mwana akabadwa pamudzi, nthungululu zimveka ndipo anansi abwera ndi ufa, nkhuni ndi sopo kudzaona mlendo. Onse afunsa za khanda: kodi liyamwa bwino, kodi mcombo wagwa? Ofunsa za mtima wa amake ndi ocepa. Komatu alipo azimai amene pa masiku omwewa a cimwemwe amagwidwa ndi cisoni cacikulu, nabisa poopa kunenedwa kuti sayamika mphatso ya Mulungu.

Nzoona kuti azimai ambiri amalira popanda cifukwa pa tsiku lacitatu kapena lacinai atacira. Ici cicitika pakuti thupi lisintha mofulumira mwana akabadwa, ndipo cimatha cokha masabata awiri asanakwane. Nthenda imene tinena pano ndi ina. Cisoni cace cipitirira masabata awiri, kufikira miyezi. Mai sapeza tulo ngakhale mwana ali m'tulo, nsima siimkomera, aleka kusamba ndi kuceza, ndipo adziona ngati wolephera kulera. Bungwe la World Health Organization linena kuti m'maiko osauka, azimai pafupifupi 20 mwa 100 alionse amabvutika maganizo atacira, ndipo ambiri a iwo nthenda yao ndi yomweyi. Si ulesi ai, ndiponso si ufiti kapena mizimu.

Cofunika kudziwa ndi cakuti nthendayi kawirikawiri iyamba kuonekera mwana asanabadwe, ndipo amene ili pafupi kuwagwira adziwika. Woyamba ndi mai amene anadwalapo maganizo kale, kapena amene ali ndi cisoni cosatha pa mimba yomweyi. Ena ndi mtsikana amene watenga pakati akali pasukulu, mkazi amene mwamuna wakana mimba, womenyedwa kapena wotukwanidwa panyumba, amene anapita padera kapena kutaya khanda, ndi amene wauzidwa kumene kusikelo kuti ali ndi kacirombo ka HIV ndipo asowa womuuza. Njala ndi ngongole zionjezera katundu. Pamudzi palibe amene sadziwa nyumba zotere. Cimene cisowa ndi munthu wolowamo nakhala pansi.

Kukhala pansi kumeneku ndiko mankhwala oyamba. M'caka ca 2019, akatswiri a za umoyo a ku United States, atasonkhanitsa zofufuza zambiri, anapeza kuti uphungu woperekedwa kwa azimai otere ucepetsa nthendayi ndi mbali 39 mwa 100. Wina anganene kuti izo nza maiko olemera. Koma m'midzi ya ku Rawalpindi, m'dziko la Pakistan, azimai oyendera za umoyo m'makomo anaphunzitsidwa kuceza ndi apakati amene anali kale ndi cisoni, kuwamvetsera ndi kuwathandiza kuona mabvuto ao limodzi-limodzi. Zotsatira zinalengezedwa mu 2008: patapita miyezi 6 atacira, 23 okha mwa 100 a oyenderedwawo ndiwo anali akali odwala, pamene mwa anzao osalandira uphunguwo anali 53. Mu 2015 World Health Organization inasindikiza buku lophunzitsira njira imeneyi, lochedwa Thinking Healthy.

Makolo athu sanawerenge buku ili, koma mwambo wa cikuta unali ndi nzeru yofanana. Mai wocira sanali kupita kudambo kapena kumtondo. Amake, apongozi kapena mbale wace anali kumphikira, kumtenthetsera madzi ndi kugona naye pafupi. Lero mupeza mai wa sabata limodzi ali ndi khasu m'munda cifukwa mvula siyembekeza munthu. Banja lanzeru lipangana mimba ikali ya miyezi 6 kapena 7: ndani adzatunga madzi, ndani adzapalira, ndani adzanyamula mwana usiku kuti amake agoneko. Apa abambo asathawe. Kuperekeza mkazi kusikelo ndi kusunga ndalama ya ulendo wa kucipatala kucotsa nkhawa imene mau okoma okha sangacotse. Ndipo dzanja lomenya mkazi wapakati livulaza anthu awiri.

Kusikelo nako mai asamangopereka dzanja kuti apimidwe magazi. Kuyambira 2016, World Health Organization ilangiza kuti wapakati aonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu asanacire, ndipo ulendo uliwonse ndi mpata wouza anamwino kuti, "Mtima wanga suli bwino." Amene acita manyazi angayambe ndi a SMAG, odzipereka a m'midzi oona za ucembere wabwino, kapena mlangizi wa kuchalichi amene asunga cinsinsi, kuti amperekeze. Ngati uphungu wokha sukwanira, alipo mankhwala amene dokotala angasankhe ngakhale kwa mai woyamwitsa. Amene akumwa kale mankhwala a maganizo asaleke yekha pozindikira kuti waima. Ayambe wafunsa kucipatala.

Pali zizindikiro zina zosayembekezera tsiku la sikelo. Mai akayamba kunena zofuna kudzipha kapena kupweteka mwana, akamamva mau amene ena sakumva, kapena akakhala masiku osagona nalankhula zosokonezeka, apite naye kucipatala tsiku lomwelo. Pokonza ulendowo asasiyidwe yekha, ndipo khanda alinyamule munthu wina wamkulu.