Mphekesera za tiasilikali tachitsulo ndi sikelo ya a sukata

Ogula zitsulo zakutha, amene ku Moatize ndi ku Zóbuè amadziwika kuti a sukata, safunsa mbiri ya katundu. Kaya ndi khasu lomwe lidalima minda itatu, kaya ndi felemu ya njinga yomwe idasenzapo matumba a mbatata m'mapiri a m'malire, iwo amangogunditsa maginito, n'kupachika pa sikelo, n'kutchula mtengo wa kilo. Chomata maginito chimapita pa mulu wotchipa. Chosamata, monga mkuwa, aluminiyamu ndi mtovu, amachiika pambali chifukwa ndiye chili ndi ndalama.

Izi zikutanthauza kuti katundu aliyense wachitsulo ali ndi mitengo iwiri. Pali mtengo wa chinthucho pomwe chikugwira ntchito yake, ndipo pali mtengo wa chitsulo chokhachokha chikaponyedwa pamoto. Mphekesera zambiri zokhudza zitsulo zimamera pakati pa mitengo iwiriyi. Sizichitika kumudzi kokha. Imodzi idasokoneza anthu ophunzira bwino ku Ulaya, ndipo idali yokhudza zidole.

Mumzinda wa Nottingham ku England muli kampani ya Games Workshop, yomwe idayamba m'chaka cha 1975. Imapanga tiasilikali ting'onoting'ono, tambiri totalika pafupifupi masentimita atatu, tomwe anthu amagula, kutipaka utoto ndi burashi yonga nthenga, kenako kutindandalika pa tebulo n'kumasewera nkhondo yongoyerekeza potsata malamulo olembedwa m'buku. Masewera ake otchuka ndi Warhammer, omwe adatuluka mu 1983. Wina atha kuseka kuti abambo andevu akusewera ndi ng'ombe zadothi ngati abusa kudambo, koma akafanizira ndi momwe akuluakulu amakanganirana pa bawo mpaka dzuwa kulowa, aona kuti si zachilendo. Kusiyana kwake n'koti njere za bawo n'zotola, pomwe tiasilikaliti n'todula kwambiri.

Kwa zaka zambiri tinkapangidwa ndi chitsulo chofewa. Amisiri ankasungunula chitsulocho n'kuchithira m'chikombole cha labala chomwe chimazunguzidwa mothamanga kuti chitsulo chilowe ngakhale m'timipata ta zala ndi maso. Poyamba ankasakaniza mtovu, womwe pa Chipwitikizi amati chumbo. M'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri adausiya chifukwa ndi poizoni, nayamba kudalira chitsulo cha tini, chomwe Apwitikizi amati estanho, chija okonza mawailesi amalumikizira mawaya.

Tini adadzakwera mtengo. Mu Epulo 2011, pa msika wa zitsulo wa ku London, tani imodzi idapitirira madola 33,000. M'miyezi yomweyo mphekesera idayamba kuyenda pakati pa osewera ndi eni masitolo yakuti kampaniyo ikusiya chitsulo, ndipo tiasilikali tonse tomwe tidatsala osagulidwa tibwerera kung'anjo kukasungunulidwa. Chomwe chidaoneka poyera n'chakuti mu Meyi 2011 kampaniyo idatulutsa tiasilikali ta mtundu watsopano, totchedwa Finecast, topangidwa ndi utomoni wa m'fakitale wofanana ndi pulasitiki. Ogula ambiri adadandaula kuti tatsopanoti tinkabwera ndi timabowo, komanso mtengo sudatsike.

Mphekeserayo idakhulupirika msanga chifukwa idali yomveka. Kusungunulanso chinthu cholakwika kapena chosagulidwa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku kwa aliyense woumba ndi chitsulo. Tini amasungunuka pa madigiri 232 okha, mtovu pa 327, aluminiyamu pa 660, pomwe mkuwa umafuna madigiri oposa 1,000 ndipo chitsulo cha makasu pafupifupi 1,500. Katundu wongokhala pa shelefu amadya lendi ya nyumba, ndipo ndalama yomwe idalowa m'katunduyo imangogona. Akamusungunula, mawa lake chitsulocho chimatuluka ngati chinthu china chomwe anthu akuchifuna. Utomoni wa m'fakitale ukauma subwereranso pamoto motero.

Amisiri oumba mapoto a aluminiyamu m'misika ya m'chigawo cha Tete komanso tsidya la ku Mwanza amadziwa zimenezi bwino kuposa aliyense. Amagula zitini za zakumwa, mapoto obooka ndi zidutswa za injini, n'kuziyika pa ng'anjo ya makala yopemerera ndi gudumu la njinga. Chikombole chawo ndi mchenga wonyowa wotsenderedwa m'bokosi. Poto akatuluka ndi bowo kapena mlomo wopotoka, mmisiri samutaya kudzala. Amamuphwanya ndi nyundo n'kumubwezera pamoto pomwepo, ndipo palibe amene amayambitsa mphekesera.

Koma kusungunula kuli ndi chotayika chake, ndipo masamu ake ndi osavuta. Pa mtengo uja wa 2011, kilo ya tini idali pafupifupi madola 33. Ngati kamsilikali kalemera magalamu 15, chitsulo chake chonse chidali cha theka la dola basi, pomwe m'sitolo kankagulitsidwa pa mtengo woposa pamenepo kangapo konse. Ndalama yochulukayo idali ya luso la wosema, ya chikombole ndi ya dzina la kampani. Zonsezi moto umazifafaniza m'kamphindi. Choncho wopanga katundu amasungunula pokhapokha wataya mtima kuti katunduyo adzagulidwa.

Mphekesera yoti chinthu chikutha imachita ntchito imodzi kulikonse: imathamangitsa ogula. Amene sadali ndi maganizo ogula amayamba kufunafuna, ndipo amene ali ndi katundu m'nyumba amakweza mtengo. Alimi a m'malire amaziona chaka ndi chaka feteleza akamveka kuti sabwera, kapena mawu akayenda kuti mpata wa pa Zóbuè utsekedwa kwa chimanga kapena nandolo. Wopindula kawirikawiri ndi amene ali kale ndi katundu, kapena amene akufuna kugula motchipa kwa anthu amantha. Tiasilikali tachitsulo tija sitidazimirire padziko. Mpaka lero anthu akugulitsana takale pa eBay ndi m'misika ina ya pa intaneti.

Mphekesera za zitsulo zomwe zimafika m'midzi ya kuno zimayenda mwa njira ina. Sizinena kuti katundu akutha, koma kuti m'kati mwa chitsulo chakale mwabisala chuma. M'maiko angapo a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa mwakhala mukumveka kuti simbi yamakala yakale, ndalama zachitsulo za nthawi ya atsamunda kapena mbaula zakale za palafini zili ndi chinthu chotchedwa mercúrio vermelho, mekyule wofiira, chomwe akuti azungu amagula ndi ndalama zosawerengeka. Nkhani yotchuka kwambiri idachitika ku Saudi Arabia mu Epulo 2009. Kudamveka kuti makina akale osokera a Singer ali ndi mekyule wofiirayo. Anthu adathamangira m'misika, makina ena adatchulidwa mtengo wofika mariyali 200,000, ndipo m'mashopu a matelala mudathyoledwa. Ena ankayandikiza foni ku singano, akumati netiweki ikaduka ndiye kuti chumacho chilimo. Apolisi a dzikolo adalengeza kuti lidali bodza la anthu ofuna kubera anzawo.

Mekyule weniweni alipo. Ndi wamadzimadzi, wotuwa ngati siliva, ndipo ndi amene okumba golide amagwiritsa ntchito potola golide mumchenga. Nayenso ndi poizoni. Koma mekyule wofiira wa mphamvu zodabwitsa kulibe, ndipo akatswiri a sayansi akhala akunena zimenezi kwa zaka zambiri. Chinyengo chake chimakhala chofanana. Pamabwera munthu wonena kuti bwana wina wa kutali akufuna simbi ya mtundu wakuti. Patapita masiku pamatulukira wina amene ali nayo simbi yomweyo ndipo akugulitsa. Wapakati, amene wangogulitsa fodya kapena mbuzi, amaigula modula poganiza kuti akaipereka kwa bwana uja. Akamaimba foni, nambala ya woyamba uja imakhala yothimitsa.

Kutaya ndalama kuli bwino poyerekeza ndi zomwe bodza lomweli lachita kwa ena. Mabungwe ochotsa mabomba okwirira pansi adapeza kuti m'madera ena a kum'mwera kwa Africa anthu amakhulupirira kuti mekyule wofiira ali m'kati mwa mabomba akale, ndipo alipo amene adafa akuyesa kuwatsegula. Chigawo cha Tete chidaona nkhondo ziwiri, ya ufulu ndi yapachiweniweni yomwe idatha ndi mgwirizano wa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Pa 17 Sepitembala 2015 boma lidalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira m'Mozambique yayeretsedwa. Chilengezocho chidakhudza malo omwe adali odziwika. Chipolopolo cha mzinga kapena bomba la m'manja lomwe lidagwera m'tchire silidalembedwe pa mapu aliwonse, ndipo khasu kapena madzi osefukira atha kulifukula. Kwa mnyamata wotolera sukata limangooneka ngati chitsulo cholemera chadzimbiri. Zaka sizichepetsa ukali wake. Chitsulo chosadziwika chopezeka m'nthaka sichinyamulidwa, sichigogodedwa ndi nyundo ndipo sichiponyedwa pamoto. Amaika chizindikiro patali pang'ono, n'kukauza a mfumu ndi apolisi.

Kutayika kofala kwambiri kulibe phokoso. Kumachitika mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, wa sukata akamayenda khomo ndi khomo ndi ndalama m'manja. Pulawo yothyoka chogwirira chimodzi, wilo la ngolo, pampu yothirira kudimba yomwe yangofa labala, zonsezi zimakwera pa sikelo. Apa mlimi amakhala akuchita zomwe kampani ya ku Nottingham inkanenedwa kuti ikuchita, kusiya mtengo wa chinthu n'kulandira mtengo wa chitsulo. Koma kampani ili ndi ng'anjo ndi zikombole zoti ipangire china. Mlimi alibe. Mvula ikayandikira mu Okutobala adzafuna pulawo, ndipo m'sitolo sadzamugulitsa pa kilo. Njala ilibe ulemu, ndipo palibe angadzudzule kholo logulitsa chitsulo kuti ana adye. Komabe nthawi zambiri wowotcherera zitsulo wa pamsika amakonza chogwirira chothyoka pa ndalama yochepa, ndipo pulawo yokonzedwa, ngakhale itagulitsidwa kwa mlimi mnzake, imabweretsa zochuluka kuposa za pa sikelo.

Pali zitsulo zina zomwe wogulitsa sakhala mwini wake. Moatize ndi tauni ya malasha ndi njanji. Njanji ya Sena imatsikira ku Beira, ina imadutsa m'Malawi kupita ku Nacala, ndipo mawaya a EDM ayala m'mbali mwa misewu. Zomangira njanji, mawaya a mkuwa, zitsulo za mlatho ndi zipangizo za mjigo zikazulidwa, wakuba amalandira mtengo wa kilo, koma mudzi wonse umalipira mtengo wa chinthucho. Amayi amabwerera kukatunga kumtsinje ndipo chigayo chimaima. Malamulo a Mozambique amalanga wakubayo komanso wolandira katundu wobedwa akudziwa, mlandu womwe pa Chipwitikizi umatchedwa receptação.

Chitsulo chonse chokwera pa sikelo chimapita kwina. Chochuluka chimanyamulidwa m'malole kupita ku mafakitale a m'mizinda ndi kunja kwa dziko. China chimathera pa ng'anjo za amisiri a mapoto, n'kubwerera m'khitchini momwe chidachokera. Apa ndi pomwe mtovu uja, womwe opanga tiasilikali adauchotsa m'zidole zaka makumi atatu zapitazo, umalowera m'nyumba za anthu. Umapezeka m'mabatire a galimoto ndi a sola, m'zolumikizira za rediyeta ndi m'zidutswa zina za injini. Popeza umasungunuka msanga kuposa aluminiyamu, kachidutswa kamodzi kakalowa m'ng'anjo kamasakanikira mu mphika wonse.

Mu 2014 ofufuza adayesa mapoto opangidwa ndi zitsulo zakutha ku Cameroon, ndipo adapeza kuti amatulutsa mtovu akaphikiramo zinthu zowawasa. Ndiwo za matimati, bwemba ndi thobwa losungidwa m'poto zili m'gulu la zowawasazo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu womwe uli wabwino m'thupi, ndipo ovutika kwambiri ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, chifukwa umawononga ubongo womwe ukukula. Anthu a ku Kabwe m'Zambia, komwe mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994, akulimbanabe ndi vutoli mwa ana awo. Kuphwanya batire pakhomo kuti achotsemo mtovu wogulitsa kumasiya fumbi lake pabwalo pomwe mwana amakwawa.

Mmisiri wosamala amasankha zomwe akuika pamoto, amagwiritsa ntchito zitini ndi mapoto akale, ndipo sayandikiza batire kapena rediyeta ku ng'anjo yake. Wogula atha kufunsa, ndiponso atha kuyang'ana mulu wa zitsulo womwe uli kuseri kwa mmisiriyo. Pa poto penipenipo sangaone kanthu, chifukwa wokhala ndi mtovu amawala chimodzimodzi ndi wopanda mtovu.