Chigubu cha madzi sichichiza wota pampu yodontha

M'magalimoto ambiri onyamula anthu pakati pa Area 23 ndi m'tauni mu Lilongwe, kaya ndi minibasi ya Hiace kaya Sienta, simulephera kupeza chigubu cha madzi pansi pa mpando. M'mawa uliwonse, mwinanso masana pa siteji, dalaivala kapena kondakitala amathira madziwo mu rediyeta, ndipo chizolowezichi chazika mizu moti ena amachiyesa mbali ya kasamalidwe ka galimoto. Si choncho ayi. Madzi oziziritsa injini amazungulira m'njira yotsekeka, sapsa monga achitira petulo. Akamachepa tsiku ndi tsiku ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo pa magalimoto amene amafika kuno kudzera ku Dar es Salaam atayenda kale zaka zambiri ku Japan, wota pampu ndi imodzi mwa zoyamba kuzikayikira.

Pampuyi ilibe zambiri m'kati: kagudumu ka mapiko kokankha madzi, shafuti, beringi, ndi silo yotchinga madzi kuti asafike ku beringiyo. Opanga anasiya dala kabowo kunsi kwake kuti silo ikatopa madzi azitulukira panja, ndipo kabowo kameneka ndiko mboni yoyamba. Injini itazizira, unikani ndi tochi kuseri kwa pule. Kachizindikiro kouma pang'ono sikoopsa, koma madontho, kapena mzere wokhuthala wapinki, wobiriwira kapena wadzimbiri, ndiye kuti silo yapita. Lamba atamasulidwa, gwedezani pule ndi dzanja. Ikamagwedera, kapena ngati imalira mokhadzula injini ikamayenda, beringi nayo yatha. Komabe madzi amanamiza. Amatha kuchucha pa paipi yakumtunda n'kutsetserekera pa pampu yosalakwa. N'chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito amayamba watsuka ndi kuumitsa malowo, kenako amapopa mpweya mu rediyeta kufika pa mlingo wolembedwa pa chivundikiro chake, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1 bar, n'kuona pamene dontho loyamba latulukira. Wongomva nkhani yanu n'kugamula kuti ndi pampu, osawerama n'komwe, akulosera ndi ndalama zanu. Ndipo chivundikirocho sichitsegulidwa injini ili yotentha. Ambiri apsa nkhope ndi manja chifukwa cha phuma.

Ena amati kuno kulibe chisanu choumitsa madzi, ndiye kulanti, mankhwala a mu rediyeta ogula m'botolo, ngwachiyani? Funsoli likanakhala lomveka kulanti akanakhala ndi ntchito imodzi yokhayo. Lilongwe ali pamalo okwera mamita oposa 1,000, pamene madzi wamba amawira asanafike madigiri 100, pafupifupi pa 96 kapena 97, pomwe injini imagwira ntchito pa madigiri oyandikira 90. Mpata ndi wochepa, makamaka mu Okutobala galimoto itadzaza n'kumakwawa pamzere. Chimene chimakweza mlingo wowirawo ndi kulanti pamodzi ndi kupanikizika kwa m'mapaipi, ndipo pampu yodontha imataya zonse ziwiri. Kuwonjezera apo, kulanti ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri, pamene madzi a pachitsime kapena pamjigo amabwera ndi mchere ndi timchenga timene timapala silo. Choncho chigubu chija, m'malo mogula nthawi, chimakulitsa bala lomwe akuti chikuthandiza.

Dandaulo la ndalama ndilo lolemera, ndipo silofunika kulinyoza. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wofunsa mitengo ya masipeya ku Biwi kapena ku Malangalanga amabwerako atagwira kukamwa. Mpake kuti anthu amathamangira dzira laliwisi, sopo kapena mankhwala a m'botolo otseka podontha. Zoterezi mwina zingamate kabowo ka pa rediyeta kwa masiku ochepa, koma silo ya pampu imakhala pa shafuti yozungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi. Palibe chomata chingakhazikike pamenepo, m'malo mwake chimakatseka timapaipi ta rediyeta. Kuchotsa thermostat nakonso sikutseka dontho. Pampu ya pa galimoto yophwasulidwa ndi juga, pakuti silo yake yakhala youma kwa nthawi yosadziwika. Tsono werengani bwino: injini za 1NZ za mu Sienta ndi Probox ndi za aluminiyamu, ndipo kuwira kamodzi kokha kutha kupinda silinda hedi n'kuwotcha gasiketi. Apo ndiye mulipira kupala hediyo, gasiketi, oilo, makaniko, ndi masiku amene galimoto ili pa galaja tageti ya abwana osapezeka. Pampuyo mudzaigulabe.

Kukonza kwenikweni ndi ntchito ya maola ochepa. Pampu ikhale yatsopano ya kampani yodziwika, monga Aisin imene imapangira Toyota. Makaniko apale bwino pokhala pake, aike gasiketi yatsopano popanda kupaka silikoni wochuluka, mabawuti amangidwe mosinthanasinthana. Madzi akale atsukidwe onse, athire kulanti wosakaniza theka ndi theka, ndipo mpweya wotsalira utulutsidwe, apo ayi geji ikweranso. Lamba asakungidwe mopyola, chifukwa ndiye amapha beringi. Pa injini zimene pampu imayendetsedwa ndi timing belt, zisinthidwe pamodzi. Kulanti wakale asatayidwe pabwalo: amatsekemera koma ndi poizoni kwa ana ndi agalu. Eni magalimoto, dalaivala wanu akayamba kuyenda ndi chigubu, mupatseni tsiku limodzi apite ku galaja sabata yomweyo.